Nyali ya Chapa Iyenera Kupuma

Ndiyambe ndi mboni, chifukwa m'tauni muno alipo anthu amene ndikawauza kuti kunja kwacha amayamba asuzumira kaye pawindo. Mboni yoyamba ndi mayi wootcha mbatata pafupi ndi shedi yanga, kumunsi kwa msika wa Milange. Mayi ameneyu sananamepo chibadwire, kupatula akamati mbatata ndi yokumba lero. Yachiwiri ndi mnzanga wowotcherera zitsulo, amene timagawana naye waya wa magetsi ndi mthunzi wa mango. Makutu ake anatha ndi phokoso la zitsulo, koma zimene sanamve ndinamufotokozera ndekha, motero umboni wake ndi wanga sizisiyana ngakhale pang'ono. Yachitatu ndi dalaivala wa galimoto imene ndikufuna kunenayi, ngakhale iyeyu mukamufunsa abwana ake ali pafupi adzakuuzani kuti sanandionepo. Panalinso mbuzi ina imene inkagona pansi pa benchi langa ndipo inaona zonse kuyambira pachiyambi, koma inadyedwa pa chinkhoswe, ndiye sindiiwerengera.

Ntchito yanga ndi ya magetsi a galimoto ndi njinga zamoto: nyali, hutala, mawaya amene makoswe adya. Sindinalemere nayo, komanso sindinaotchepo galimoto ya munthu.

Inali nyengo ya chiperoni. Amene sanakhalepo kuno amaganiza kuti chiperoni ndi mvula. Si mvula ayi. Mvula imagwa n'kupita. Chiperoni sichigwa, chimangolowa n'kukhala pansi ngati mlendo amene wamva fungo la ndiwo. Phiri la Tumbine linasowa kwa masabata, moti ena ankati lagulitsidwa. Machesi ankakana kuyaka, mchere unasanduka phala, ndipo malaya amene akazi anga anayanika Lolemba tinawapeza Lachisanu atanyowa kuposa mmene analili mu beseni.

Tsiku lina m'mawa pashedi panga panaima chapa yoyera, minibasi ija imayenda msewu wa ku Majaua. Anatsika eni ake, bambo wachikulire amene analemera ndi kugula nyemba ndi nandolo. Pa siteji aliyense amangowatcha apatarau, ndiye kuti abwana.

"Amisiri, diso la galimoto yanga likutuluka thukuta."

Ndinawerama n'kuyang'ana nyali ya kumanzere. Galasi lonse linali mbuu ndi nthunzi, ndipo m'munsi mwake madzi anali atafika poti munthu n'kuvula nsapato. Munali mbululu. Ndikudziwa kuti apa ena ayamba kale kupukusa mutu, koma ndinaziona ndi maso anga, ndipo ina inali itamera kale miyendo. Dalaivala atayatsa, kuwala kunatuluka mochedwa, n'kugwera pansi pomwepo patsogolo pa tayala ngati munthu woledzera.

"Apatarau, ili si thukuta. Ili ndi dziwe."

"Kaya dziwe kaya thukuta, liumitseni. Apolisi apamsewu andichenjeza kale."

Tinagwirizana mtengo. Kenako anawonjezera kuti ndalama adzapereka Loweruka, akaona kuti nyali yakhala youma sabata yonse, chifukwa amisiri a masiku ano amangopukuta pamwamba n'kulandira. Ndinavomera. Ntchito yanga ndinkaidziwa. Apatarau ndiwo sindinkawadziwa.

Kuumitsa nyali si kupukuta. Umaichotsa pagalimoto, kuchotsa mababu, kukhuthula madzi, kenako kutenthetsa m'mphepete monse mpaka phula lakale limene limagwira galasi litafewa, kuti utsegule osaswa. Ukatsegula umatsuka, kuumitsa kona iliyonse, kufufuza pamene madzi akulowera, kumata, n'kutsekanso ndi silikoni. Ya apatarau inali ndi mng'alu pamwamba, pamene nthambi inamenya, ndipo labala wa kumbuyo kwa babu anali atauma gwa ngati chikopa cha ng'oma. Zonsezi zimafuna mpweya wotentha, ndipo dzuwa kunalibe. Koma akazi anga ali ndi kachipinda kokonzera tsitsi kuseri kwa msika, ndipo m'menemo munali chowumitsira tsitsi cha magetsi, chimene iwo amachitcha sekadolo. Anaigula ku Limbe ndi ndalama za chipereganyu, ndipo ankaipukuta kawirikawiri kuposa mmene amapukutira ana.

"Mayi a ana, mundibwereke sekadolo pang'ono chabe."

"Mwamera tsitsi liti?"

"Ndi ya ntchito. Ibwera musanamalize kuluka mutu uwu."

"Ibwere ili moyo. Kutha kwa mwezi ndili ndi mkwatibwi ndi operekeza ake onse, ndipo m'chiperoni muno tsitsi lochapa popanda sekadolo lidzauma mkwatibwi ali ndi mwana wachiwiri."

Ntchito inayenda bwino mpaka kumapeto. Ndikuumitsa kona yomaliza, mnzanga wowotcherera uja anayatsa makina ake pawaya wathu umodzi uja. Magetsi anagwada, n'kudzuka mwaukali. Sekadolo inatsokomola, inatulutsa fungo la tsitsi la akazi onse a m'Milange amene inawaumitsapo, n'kufera m'manja mwanga. Ndinaitsegula pomwepo. Mkati munalibe chokonza, munali maliro okhaokha.

Akazi anga sanakalipe. Bola akanakalipa. Anailandira ndi manja awiri, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa funso limodzi lokha: "Loweruka, eti?" Ndinati Loweruka. Ndalama za apatarau zinali zokwana kugula ina, ndipo tonse awiri tinkadziwa kuti m'nyumba mwathu munalibe kwina kozitenga.

Madzulo apatarau atabwera, nyali inali mbee ngati diso la khanda. Apa ndifotokoze kanthu kena kamene anthu ambiri sakadziwa. Kumbuyo kwa nyali iliyonse kuli kapaipi ka labala kopindikira pansi. Babu likayaka mkati mumatentha, likazima mumazizira, ndipo chinyontho chochepa chimene chili mumpweya chimafuna potulukira. Kapaipiko ndiko khomo lake. Tsiku limenelo sindinawaonetse apatarau, chifukwa okwera anali akudikira ndipo hutala inali ikulira. Ndinangonena mwachidule.

"Tsopano ikhala bwino. Kungoti nyali iyenera kupuma, apatarau. Ikamapuma thukuta silibwera."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene ulaliki wamukhudza. "Kupuma. Mwanena zoona, amisiri. Chilichonse chimatopa."

Ine ndinaganiza kuti akunena za msana wawo.

Loweruka apatarau anatsika chapa isanaime bwinobwino. Nyali ija inali itachitanso kanthunzi m'munsi.

"Amisiri, mwandipha. Apolisi andilipiritsa muluta chifukwa cha inu, ndipo thukuta labwerera."

"Chindapusa cha chiyani?"

"Choyenda ndi diso limodzi."

"Babu lapsa?"

Dalaivala anayang'ana kumwamba, kumene kunalibe chilichonse choona. "Achimwene, babu ndi lamoyo. Abwana anandiuza kuti ndizule waya."

"Munati ipume!" apatarau anakuwa. "Ndaipumitsa. Sabata yonse sinagwire ntchito, yagona usana ndi usiku ngati mkamwini waulesi, inzake ikuvutika yokha m'nkhungu. Ndiye taonani, yopumayo ndi imene ikutuluka thukuta."

"Apatarau, ine ndinati ipume, sindinati ipume."

Mayi wa mbatata anasiya kukupiza moto. Ngakhale ine ndinamva mmene mawuwo anatulukira, ndipo ndikanakhala woweruza ndikanadzimanga ndekha.

"Ndikunena kupuma kwa mphuno, osati kupuma kwa pamphasa. Nyali yosayaka imazizira, ndiye chinyontho chimakhazikika. Iziyaka, ndipo izipumira apa."

Ndinawagwira dzanja n'kulipititsa kumbuyo kwa nyali mpaka chala chawo chinakhudza kapaipi kaja. Anakapapasa, anakapinda, anawerama n'kusuzumira. Podzuka nkhope yawo inali ya munthu amene wapeza miyala pansi pa thumba la nyemba.

"Ili ndi bowo."

"Ndi mphuno yake."

"Ndakubweretserani nyali yolowa madzi, inu mwandisiyira bowo."

"Inabadwa nalo. Anaika ndi amene anapanga galimoto."

"Ndiye inu ndi iwowo mumadyera limodzi. Iwo aboola, inu muumitsa, ine ndilipira." Anatembenukira kwa anthu amene anali atayamba kusonkhana. "Mwamva, abale? Nyali ili ndi mphuno. Mawa atiuza kuti tayala lili ndi apongozi."

Anthu anaseka. Ndalama sizinatuluke. Anati tionenso Loweruka linalo, ndipo za muluta tidzakambirana.

Ndinaiumitsanso, ulendo uno pa mbaula ya mayi wa mbatata, nditaigwira patali ndi moto, ndikuitembenuza ngati nkhuku. Mayiyo sanandilipiritse makala. Anangoti munthu woima pa mbaula yake amagula mbatata, ndipo ine ndinaima nthawi yaitali. Kwa wogulitsa nsapato ndinapempha timapaketi tija timakhala m'mabokosi, toyamwa chinyontho, n'kumangirira kamodzi mkati mwa chivundikiro cha kumbuyo. Ndinalumikiza waya, ndinalumbiritsa dalaivala kuti nyali iziyaka. Inachoka youma, ikununkhira mbatata, moti agalu anaiperekeza mpaka kutuluka m'tauni.

Kunyumba zinthu zinali zitasintha. Akazi anga anasiya kulankhula nane maso ndi maso. Sekadolo yakufa ija anaiika patebulo, ndipo uthenga wonse unkadzera kwa iyo. "Uwauze bambo ako kuti madzi osamba akuzizira." "Uwafunse bambo ako ngati Loweruka la kwa apatarau limabwera chaka chilichonse." Ndinayesa kuiukitsa ndi zitsulo za ayironi yakale ndi kamota ka wailesi. Inadzuka kwa kanthawi, inalira ngati hutala ya lole, inayamwa kona ya nsalu ya patebulo m'malo mopemerera, n'kufanso kachiwiri. Kuntchito akazi anga ankayesa kuumitsa makasitomala powakupiza ndi lichero pafupi ndi mbaula. Mayi wina wa ku ofesi anatuluka m'menemo akununkha ngati nsomba yowamba, ndipo sanabwerenso.

Pakati pa sabata chapa inabwera, nyali itachita nthunzi kuposa kale, madontho akutsetsereka mkati ngati pansi pa chivundikiro cha poto. Ndinapisa dzanja kumbuyo. Mphuno inali yotseka ndi sopo.

"Achimwene, wachita izi ndani?"

"Ine ndimangoyendetsa," dalaivala anatero. "Koma sopoyo ndi wa kubafa kwa abwana."

Ndinachotsa sopo, ndinaumitsa, ndinagula mbatata. Inabwerera ndi chingamu. Ndinachotsa chingamu. Inabwerera ndi phula la njuchi, njuchi zina zikutsatira kudzafunsa. Ulendo wina ndinapeza kachitsononkho kosemedwa bwinobwino, komangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga, ntchito yaluso moti ndinachita nayo nsanje. Apatarau ankadzuka m'mamawa dalaivala asanafike, n'kugwada m'matope ndi mawondo awo achikulirewo, kutseka bowo limene mmisiri wakuba anawasiyira. Ndipo atapeza kuti nyali ya kumanja nayo ili ndi bowo lomwelo, anaitsekanso. Nyali imeneyo inali isanadwalepo chigulireni galimoto. Pofika Loweruka maso onse awiri anali akulira. Dalaivala anandiuza kuti pa chitunda china cha ku Majaua anapempha wokwera mmodzi kuti atsike aziyenda patsogolo ndi tochi ya foni, chapa ikumutsatira pambuyo, ndipo munthuyo atafika kwawo anamulipiritsabe.

"Mwaipatsira inzake matenda," anatero apatarau. "Ndinabwera ndi diso limodzi lodwala. Tsopano mukufuna ndikulipireni chifukwa chodwalitsa awiri?"

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi ndinawalondola kunyumba kwawo, nditavala jekete kuti aone kuti nanenso ndine munthu. Ndinawapeza pakhonde, atazunguliridwa ndi matumba a nyemba. Anandipatsa mpando, anandipatsa tiyi wa mkaka, chifukwa si munthu woipa, ndipo chimenechi ndicho chinkandipweteka kwambiri. Munthu woipa umamutukwana mumtima n'kugona tulo.

"Apatarau, mukavundikira poto wotentha, pansi pa chivundikiro pamakhala chiyani?"

"Madzi."

"Alowera kuti, poti poto ndi wotseka?"

"Nyali si poto. Simuphikamo."

"Nanga nkhokwe? Mukaimata yonse osasiya popita mphepo, chimanga chimaola."

"Nkhokwe siyenda msewu wa ku Majaua." Anadzuka, anazungulira kuseri, anabwera ndi ndowa yakale yobooka pansi, n'kuiika pakati pathu. "Iyi nayo ikupuma?"

Ndinatsegula pakamwa, iwo anakweza dzanja.

"Amisiri, inu nthawi ya nkhondo munali mwana. Ine ndinawoloka Ruo ndi akazi anga ndi mayi anga, tinakakhala ku kampu tsidya lija pansi pa lona. Lonayo inali ndi kabowo kochepa ngati diso la nkhuku, ndipo mvula yonse ya ku Malawi inkadzera pomwepo kudzagwa pamutu pa mayi anga. Munthu amene wagonapo pansi pa lona yobooka simungamuphunzitse za bowo. Bowo ndi bowo. Ine ndikaona bowo ndimatseka."

Ndinamaliza tiyi, ndinathokoza, ndinabwerera kwathu jekete likulemera ndi chiperoni.

Sabata imeneyo azakhali a mkwatibwi anafika kwa akazi anga. Anati amva mphekesera, ndipo ngati sekadolo palibe anene msanga, atsikana akakonzedwe ku Muloza, tsidya la ku Malawi. Akazi anga anayankha kuti sekadolo ilipo, yangopita kokapuma. Madzulo ake tikudya, anayang'ana mtembo uja patebulo n'kuyamba kuulankhula.

"Uwauze bambo ako kuti kwanga kumabwera amayi ena ndi botolo lawolawo la mafuta. Mafuta oipa, othothola tsitsi, koma agogo awo ankadzola omwewo ndiye sungawauze kanthu. Ine sinditsutsa. Ndimatsegula botolo lawo pamaso pawo, ndimawadzoza pang'ono pamphumi pamene akuona pagalasi. Kumbuyo kwa mutu ndimadzoza anga. Amapita akuyamikira mafuta a agogo awo, ndipo amalipira."

"Uwauze mayi ako," ndinayankha, chifukwa nanenso ndinali nditazolowera, "kuti zimenezo ndi kuvomera pagulu kuti ndinalakwa, pamene sindinalakwe."

"Uwafunse ngati kulondola kwawoko kumaumitsa tsitsi."

Sekadolo sinandifunse, koma ndinamva.

M'mawa mwake chapa itaima pashedi, ndinapita kukaima pamaso pa apatarau.

"Apatarau, ndaganiza bwino. Munalondola. Bowo lija ndi lofunika kutseka."

"Mwati bwanji?"

"Munalondola."

"Mnzanu wowotchererayu samva bwino. Nenani kuti naye amve."

Ndinanena mokweza. Apatarau anati mnzangayo sanamvebe. Ndinakuwa moti osintha ndalama a pa chipata cha Muloza anatembenuka, ndipo alipo mphunzitsi wina wa kutali ku Mongue amene mpaka lero amandifunsa kuti tsiku lija ndinkapepesa ndani.

Ndinachotsa nyali zonse ziwiri, ndinaziumitsa pa mbaula, mbatata itayamba kunditulukira m'makutu. Kenako pamaso pawo ndinamata mphuno iliyonse ndi chibulumwa cha silikoni chachikulu ngati mandasi. Apatarau anadinda chala chawo chachikulu pa chibulumwa chilichonse chisanaume, kuti akadzaona chidindo chasintha adziwe kuti ndakhudza. Atakhutira anapita kumsika kukamva mtengo wa nyemba, n'kusiya dalaivala kuti andilondere.

Ndinatembenuza nyali. Pansi penipeni, pamene pamabisika ndi bampala nyali ikamangidwa, ndinaboola kabowo ndi msomali wotentha. Ndinalowetsamo kachidutswa ka paipi ya petulo ya njinga yamoto, kopindikira kumbuyo, n'kumanga kansalu ka neti ya udzudzu kukamwa kwake kuti fumbi ndi mavu zisalowe. Yachiwiri chimodzimodzi. Dalaivala ndiye ankandigwirira, maso ali kumwamba.

"Achimwene, mukuona chiyani?"

"Nkhungu," anatero. "Lero yachuluka. Munthu sungaone ngakhale manja ako."

Nyali zinauma, ndipo zinakhala zouma. Zinkawala moti atambala a m'njira ya ku Majaua anasokonezeka, ankalira chapa ikamadutsa, anthu n'kudzuka kunyamula makasu, kenako kubwerera akutukwana. Apatarau anakhala munthu wosangalala kuposa aliyense m'boma lonse. Pa siteji, pa sikelo ya nyemba, pakhomo pa tchalitchi, ankaitana anthu kuti apapase chidindo cha chala chawo kumbuyo kwa nyali, n'kufotokoza mmene anaphunzitsira mmisiri ntchito. Dzina langa linasintha. Akabaza ankandipatsa moni kuti "amisiri a mphuno", ena ankadutsa pashedi atatsina mphuno zawo. Eni magalimoto ena anayamba kutseka mabowo a nyali zawo ndi sopo, kenako kubwera nazo kwa ine zitachita nthunzi, ndipo aliyense ankayamba ndi mawu akuti, "Mumate ngati mmene anakuphunzitsirani apatarau." Mungaganize kuti pamenepo ndinapezako kangachepe. Ayi. Nawonso anali ataphunzira kwa apatarau kuti mmisiri amalipidwa Loweruka, nyali ikakhala youma.

Loweruka langalo linafika, apatarau anali atapita ku Mocuba ndi nyemba. Ndinaimba foni, inalira mpaka inasasa mawu. Atabwerako anali pa maliro. Atachoka ku maliro ndalama zinali zikadali mu nyemba. Ndinapita pa siteji, anandilandira ndi chimwemwe, anandigwira paphewa n'kundionetsa kwa okwera ngati mwana wawo amene wakhoza mayeso, ndipo ndisanatchule za malipiro chapa inadzaza n'kunyamuka. Ukwati unali Loweruka likubweralo. Azakhali a mkwatibwi ankadutsa pa kachipinda ka akazi anga kudzafunsa ngati wopuma uja wadzuka. Kunyumba ngakhale sekadolo inasiya kupatsidwa uthenga. Ndinkadya ndikumva kutafuna kwanga.

Lachinayi masana akazi anga anabwera pashedi, chinthu chimene sachita, atamanga nsalu yapaulendo, atanyamula chikwama chopanda kanthu. Anapukuta benchi n'kukhala.

"Ndidikira pano," anatero, akuyang'ana msewu. "Ndalama zikapanda kubwera lero, mawa m'mawa tikawauza azakhali aja kuti atsikana apite ku Muloza. Mudzalankhula ndinu, poti mawu okweza mwawazolowera."

Tinakhala. Chiperoni chinkatilowa m'makutu. Munthu wina anabwera ndi njinga yamoto yosalira hutala, anayang'ana nkhope ya akazi anga, n'kunena kuti hutala si yofunika kwenikweni, abwera tsiku lina.

Chakumadzulo chapa inatulukira, nyali zonse zikuyaka ngakhale kunali kusanade, popeza tsopano apatarau ankafuna kuti anthu aziziona. Dalaivala anatsika yekha. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa mpukutu womanga ndi mphira, metikali ndi makwacha zosakanikirana.

"Abwana akuti moni. Akuti za muluta akukhululukirani, poti munavomera kulakwa pagulu. Koma achotsapo pang'ono."

"Za chiyani?"

"Akuti za sukulu. Akuti nzeru ya bowo ija mudzadyera moyo wanu wonse, ndiye si bwino kuitenga ulere."

Ndinatambasula dzanja, ndikufunafuna mawu oti akawauze abwana akewo, mawu amene sangalembedwe pano. Koma dzanja la akazi anga linafika msanga. Anamasula mphira, anawerenga milomo ikugwedera, anayang'ana kumwamba kuwerengera za osintha ndalama ndi za njinga.

"Ikwana sekadolo yaing'ono, yopanda dzina," anatero. "Masitolo a tsidya lija sanatseke."

Anaitana wakabaza amene ankadutsa, anakonza nsalu, anakhala.

Motero ndinalipidwa. Ndalamazo sindinazigwire, koma ndikulumbira kuti zinafika: ndinaziona ndi maso anga zili pakaliyala, zikulowera ku Muloza.